Mukagula nyimbo pa intaneti, fayilo yake ikhale m'manja mwanu

Achimwene, mwafunsa kuti mungagule kuti nyimbo zoti mukazitsitsa muzitha kuziika pa foni, pa kompyuta kapena pa flash ya m'galimoto popanda kukanidwa, komanso mungadziwe bwanji kuti zimene mwagulazo zilibe loko. Ndaona ena akuyankha kuti ingolembetsani Spotify, ena akuti katengeni zaulere pa YouTube. Onsewa akulambalala funso lanu. Inu mukufuna kulipira kamodzi nyimboyo n'kukhala yanu, ndipo zimenezi n'zotheka ndithu.

Loko tikunenayu ndi uja amatchedwa DRM. Fayilo yokhala ndi DRM imakhala yotsekedwa mkati, ndipo kuti ilire pamafunika pulogalamu ya kampani imene yakugulitsaniyo, yomwe imakatenga kiyi ku maseva a kampaniyo. Nyimbo ili pa kompyuta yanu, koma kiyi ali ndi eni sitolo. Sitolo ya Apple yotchedwa iTunes itatsegulidwa mu Epulo 2003, nyimbo zake zonse zinali ndi loko wotchedwa FairPlay. Zinkalira pa makompyuta osapitirira asanu ndi pa zipangizo za Apple monga iPod, koma ukaziika pa kawailesi ka kampani ina, zii. Ku mbali ya Microsoft kunalinso loko wawo pa mafayilo a WMA.

Chimene chinatsegula anthu m'maso ndi zomwe zinachitika m'chaka cha 2008. Microsoft inali itasiya kale kugulitsa nyimbo pa MSN Music, ndiye inalengeza kuti izimitsa maseva opereka makiyi aja. Tangoganizani: munthu unalipira nyimbo mazanamazana, ndipo ukuuzidwa kuti zizilira pa kompyuta imene uli nayo panopa basi, ikadzawonongeka kapena ukadzagula ina ndiye kuti zathera pomwepo. Anthu atakwiya kwambiri, kampaniyo inasuntha tsiku mpaka 2011. Chaka chomwecho cha 2008 Yahoo inachitanso chimodzimodzi ndi sitolo yake. Amene anagwiritsidwa fuwa la moto ndi anthu oona mtima amene analipira, pamene otenga zakuba ankangomvera nyimbo zawo pa chipangizo chilichonse popanda vuto. Ichi n'chifukwa chake ine nkhani ya DRM ndimaidana nayo kuchokera pansi pa mtima, imalanga munthu wosalakwa.

Makampaniwo anadzazindikira okha. Mu Febuluwale 2007 Steve Jobs, yemwe anali mkulu wa Apple, analemba kalata yopempha makampani akuluakulu a nyimbo kuti asiye DRM, ndipo EMI ndiyo inayamba kuvomera. Mu Seputembala chaka chomwecho Amazon inayamba kugulitsa ma MP3 opanda loko, kenako mu 2009 Apple inachotsa loko pa nyimbo zonse zogulitsa. Choncho lero lino, sitolo iliyonse yodziwika imene imagulitsa nyimbo ngati fayilo imagulitsa zotseguka.

Pamene anthu ambiri amasokonekera ndi apa. DRM sinafe, inangosamukira ku mapulogalamu olipira mwezi ndi mwezi. Batani la dawunilodi limene mumaliona pa Spotify, Apple Music, Deezer kapena YouTube Music silikupatsani fayilo. Limangosunga nyimboyo mkati mwa app kuti muzimvera popanda data, ndipo mukasiya kulipira zonse zimatsekeka. Pa Spotify, ngati foni yanu siinalowe pa intaneti kwa masiku 30, zimene munatsitsazo zimasiya kulira ngakhale mwalipira. Nyimbo ikhozanso kungosowa chifukwa woimba wasemphana ndi kampani, monga mmene Neil Young anachotsera nyimbo zake pa Spotify mu 2022 n'kudzazibwezera mu 2024. Sindikunyoza mapulogalamuwa, amathandiza kwambiri pofufuza nyimbo zatsopano. Koma kumeneko n'kubwereka, ndipo inu mwafunsa za kugula.

Tsono kogula. Ine ndimayambira pa Bandcamp nthawi zonse, ndipo ndikulimbikitsani kuti nanunso muyambire pomwepo. Oimba ndi timakampani tawo ting'onoting'ono amaika okha nyimbo pamenepo ndipo mtengo amaika okha, ena mpaka amakusiyirani kuti mutchule nokha ndalama imene mungakwanitse. Bandcamp imatengapo 15 peresenti pa nyimbo zotsitsa, nthawi zina 10, kuphatikizapo kandalama ka amene ayendetsa malipirowo, zotsalazo zimapita kwa mwini nyimbo. Kuyambira mu Malichi 2020, nthawi ya Covid oimba atasowa kokaimba, anayambitsanso masiku otchedwa Bandcamp Friday pamene sitoloyo sitengapo gawo lake. Ngati muli ndi woimba amene mumamukonda, dikirani tsiku limenelo. Kulipira kwake ndi khadi la ku banki kapena PayPal. Mukalipira limabwera tsamba lokhala ndi kabokosi kosankhira mtundu wa fayilo, kaya MP3, FLAC, AAC, ALAC, WAV ndi ina. Chimbale chonse chimabwera ngati fayilo imodzi ya zip, mukaimasula mumapeza nyimbo zitandandalikidwa ndi manambala ake, 01, 02, 03, pamodzi ndi chithunzi cha pachikuto. Palibe pulogalamu iliyonse imene muyenera kuika kuti zilire. Kuipa kwake n'kwakuti oimba ambiri otchuka amene ali pansi pa makampani atatu akuluakulu aja, Universal, Sony ndi Warner, simuwapeza kumeneko.

Nyimbo za oimba otchukawo muzipeza pa iTunes Store, imene ikugulitsabe mpaka pano ngakhale Apple siilengezanso kwambiri. Samalani kuti musasokoneze iTunes Store ndi Apple Music, chifukwa zimakhala moyandikana koma ndi zinthu ziwiri zosiyana: yoyambayo mumagula nyimbo imodziimodzi kapena chimbale, yachiwiriyo ndi yobwereka ija. Zogula zimabwera ngati AAC ya 256 kbps, dzina la fayilo limathera ndi .m4a, ndipo zimalira pa Android, pa Windows ndi pa mawailesi ambiri a m'galimoto. Amazon imagulitsanso ma MP3 koma m'mayiko owerengeka, monga America, Britain, Germany ndi Japan. Qobuz ya ku France ndi 7digital ya ku Britain zimagulitsa FLAC, ndipo Qobuz ili ndi nyimbo zambiri za jazz ndi zachikale zoimbidwa ndi magulu akuluakulu a zoimbira. Ngati ndinu DJ, Beatport ndi Traxsource ndiwo masitolo anu.

Chokhumudwitsa chimene mungakumane nacho ndi malire a mayiko. Ufulu wogulitsa nyimbo umagawidwa dziko ndi dziko, ndiye sitolo imayang'ana dziko la akaunti yanu ndi la khadi lanu, ndipo ikhoza kukukanizani ngakhale ndalama muli nazo. Ena angakuuzeni kuti munamize adiresi kapena mubise komwe muli ndi VPN. Ine sindingakulangizeni zimenezo, chifukwa akazindikira akhoza kutseka akaunti pamodzi ndi zonse zimene munagula koma simunazitsitse. Bandcamp pa nkhani imeneyi ndi yofewa, nyimbo zake zambiri zimagulika kulikonse kumene khadi lanu likugwira ntchito. Muyang'anenso tsamba la woimbayo mwiniwake, ambiri amagulitsa mafayilo pomwepo.

Pali masamba enanso amene muyenera kuwathawa, aja ogulitsa chimbale chilichonse cha padziko lapansi pa mtengo wotsika modabwitsa, koma akufuna muyambe mwaika ndalama mu akaunti. Ambiri mwa iwo alibe chilolezo, woimba salandirapo kanthu, ndipo mwawapatsa nambala ya khadi lanu anthu osadziwika. Kulipira wakuba n'koipa kuposa kusalipira n'komwe.

Za mtundu wa fayilo, anthu amakangana mpaka kutukwanana, koma nkhani yake ndi yapafupi. MP3 ndi AAC zimachepetsa fayilo potaya tizigawo ta mawu timene khutu silitimva kwenikweni. FLAC ndi ALAC sizitaya kanthu, zimangopanikiza, ndiye mawu ake ndi ofanana ndendende ndi a pa CD, amene ndi 16-bit pa 44.1 kHz. Nyimbo ya mphindi 4 ikakhala MP3 ya 320 kbps imatenga pafupifupi 10 MB, ikakhala FLAC imafika 25 mpaka 30 MB, ikakhala WAV pafupifupi 40 MB. Ngati sitolo ikukulolani kusankha pa mtengo womwewo, tengani FLAC musunge pa kompyuta, kenako mupangepo ma MP3 oika pa foni ndi pa flash. Chifukwa chake n'chakuti kuchokera ku FLAC mungapange mtundu uliwonse umene mudzaufune mtsogolo, koma MP3 mukaisandutsa FLAC fayilo imangokula, zimene zinatayika sizibwerera. Ndipo MP3 mukaisandutsa MP3 ina mawu amaonongekeratu.

Kunena mosapsatira, anthu ambiri sangasiyanitse MP3 ya 320 kbps ndi FLAC atatseka maso, makamaka pa mahedifoni a Bluetooth amene amapanikizanso mawuwo asanafike m'khutu. Nanga zija zokwera mtengo za 24-bit ndi 96 kapena 192 kHz? Ngati muli ndi zipangizo zapamwamba ndipo zimakusangalatsani, gulani. Apo ayi, ndalama imeneyo kuli bwino mugulire chimbale china. Chimene chimasintha kwambiri kamvekedwe ndi mmene nyimboyo inakonzedwera ku studio, osati manambalawo. WAV ndimaipewa chifukwa siisunga bwino dzina la woimba ndi chithunzi, ndiye pa foni nyimbo zimaoneka zopanda eni.

Tsopano funso lanu lachiwiri, kudziwa ngati mulibe loko. Musanalipire, onani ngati tsambalo likutchula mtundu wa fayilo. Likanena MP3, FLAC, WAV kapena AIFF, mtima ukhale m'malo, mitundu imeneyi simagulitsidwa ndi DRM. Likangonena kuti mudzamvera mu app yathu osatchula fayilo, bwererani. Kwa amene muli ndi nyimbo zakale za iTunes, yang'anani mathero a dzina: .m4a ndi yotseguka, .m4p ndi yotsekedwa. Mu pulogalamu ya Apple mukatsegula Get Info pa nyimboyo n'kupita pa File, pamzere wa Kind pamalembedwa Purchased AAC ngati ili yanu yotseguka, Protected AAC ngati ili ya loko wakale uja, kapena Apple Music AAC ngati ili yobwereka. Koma mayeso osanama ndi awa: koperani fayiloyo pa foni ina imene ilibe akaunti yanu, zimitsani intaneti, itseguleni ndi pulogalamu yoimbira nyimbo yotchedwa VLC. Ikalira, nkhani yatha.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna tigwirizane, chifukwa wina walemba kuti mukagula mudzatiponyere m'gulu muno. Kusowa kwa loko sikukupatsani ufulu wogawa. Chimene mwagula ndi chilolezo chomvera inuyo pa zipangizo zanu. Simungaiike pa intaneti, simungaigulitse, ndipo kuiyika mu vidiyo ya malonda kapena kuiimba pa malo a bizinesi kumafuna chilolezo china. Ku America kampani ya ReDigi inayesa kutsegula msika wogulitsirana mafayilo ogwiritsidwa kale ntchito, khoti linaigamula mu 2013 kuti ikuphwanya malamulo, ndipo apilo yake inakanidwa mu 2018. Dziwaninso kuti mafayilo a iTunes amakhala ndi dzina lanu ndi imelo ya akaunti yanu mkati mwake, ndiye fayilo ikayendayenda imayenda ndi dzina lanu. Koma ngakhale pakanapanda zonsezi, woimba amene wakugulitsani nyimbo yopanda loko wakukhulupirirani. Wapereka ndalama ku studio, walipira oimba zida, mwina wagwira chimbalecho chaka chathunthu. Mnzanu akaikonda nyimboyo, mutumizireni link akagule yekha, kapena mumugulire ngati mphatso, Bandcamp ndi iTunes zonse zimalola zimenezo.

Mukangolipira, tsitsani nthawi yomweyo. Musadalire kuti sitolo izikusungirani. Google Play Music inatsekedwa kumapeto kwa 2020, ndipo amene sanatsitse kapena kusamutsa nyimbo zawo pofika Febuluwale 2021 anazitaya. Bandcamp yomwe ndikuiyamikirayi yasintha eni kawiri, inagulidwa ndi Epic Games mu 2022 kenako Songtradr mu 2023, ndipo woimba akachotsa chimbale chake mwina simudzachipezanso mu akaunti yanu. Sungani mafayilo malo awiri osiyana, pa kompyuta ndi pa hard drive yapadera, kapena pa cloud ngati mungathe. Memore khadi ya m'foni yokha si yodalirika, imafa osatsanzika. Konzani mafoda motsata dzina la woimba, mkati mwake dzina la chimbale, ndipo ngati mayina asokonekera, mapulogalamu a Mp3tag (pa Windows) kapena MusicBrainz Picard amakonza mwaulere. Imelo ya risiti musaifufute, ndiyo umboni wanu fayilo ikabwera yoduka n'kufuna kuti akutumizireni ina.

Pa Android mumangokopera foda ya nyimboyo mu foni, pulogalamu iliyonse yoimbira imaziona yokha. Pa iPhone pamafunika kuleza mtima pang'ono: zogula kunja kwa iTunes muyenera kuzilowetsa kudzera pa kompyuta kuti zioneke mu app ya Music, ndipo pamenepo sankhani ALAC kapena AAC chifukwa app imeneyo siilandira FLAC. Mukafuna kusunga FLAC yomweyo, ikani VLC pa iPhone n'kumamvera mmenemo. Mukatchula oimba amene mukuwafuna komanso foni imene mukugwiritsa ntchito, ndikuthandizani kuona sitolo imene ili ndi nyimbo zawo.