Igaweni patch yanuyo, achimwene

Achimwene, patch yanu ija (zosintha za code zomwe munatumiza, n'kukubwezerani) igaweni, musaitumizenso ili chimtolo chimodzi. Amene anakubwezerani patch ija ya QEMU, pulogalamu yoyendetsa makompyuta ongoyerekezera m'kati mwa kompyuta ina, sakudana nanu ayi. Mwasakaniza kukonza vuto la qcow2 (mtundu wa fayilo ya disiki ya QEMU) ndi kusintha mayina a ma variable komanso kuwongola mipata, ndiye wowunikayo akusakasaka mzere umodzi wofunika m'kati mwa zinyalala. Gwiritsani ntchito git rebase -i, lamulo lokonzeranso ma commit (magawo a zosintha osungidwa m'mbiri ya code): kukonza vuto kukhale commit yakeyake, zokongoletsazo zipite kwina kapena zisiyeni kaye.

Chifukwa chachikulu ndi git bisect, chida chofufuzira commit yomwe inabweretsa vuto. Ine zinandionekera ndikugwira ntchito cha ku Ginnery Corner. Disiki ya kasitomala inayamba kuwonongeka, bisect n'kundifikitsa pa commit imodzi yosintha zinthu zambirimbiri nthawi imodzi. Ndinachezera usiku wonse kupatula mzere wolakwikawo. Ndiye commit iliyonse izitha kumangidwa ndi kuyenda payokha.

Musanatumize v2 (patch yokonzedwanso), yendetsani scripts/checkpatch.pl (yoona kalembedwe ka code) ndi mayeso a mu tests/qemu-iotests, ndipo mukaonjezera mayeso oonetsa vutolo owunika amakumverani msanga. Uthenga wa commit unene chifukwa chake mwasintha, poti zomwe mwasinthazo zikuoneka kale. Zosiyana ndi v1 (patch yoyamba ija) lembani pansi pa timizere titatu (---) ta kumapeto kwa uthengawo kuti zisalowe m'mbiri.

Signed-off-by (mzere wosainira dzina lanu pa commit) isasowe, koma dziwani kuti mukutsimikiza kuti muli ndi ufulu wopereka code imeneyo. Ngati munailemba muli pa ntchito, funsani kaye loya wa kampani yanu. Ndipo ngati pali disiki ya kasitomala yowonongeka kale, musayeserepo patch yanu. Ikopereni pambali, muitane katswiri wobwezeretsa data.