Kuchokera ku Luchenza kukaona nyama: Majete kapena Liwonde?

Mayi wina wa ku Luchenza watilembera imelo. Akuti iwo ndi amuna awo akufuna kutenga ana awo awiri, wa zaka 9 ndi wa zaka 13, kukaona nyama zakutchire sukulu zikatsekera. Galimoto ali nayo, koma ndi Sienta. Mafunso awo ndi atatu: apite ku Majete kapena ku Liwonde, n'zotheka kupita m'mawa n'kubwerako tsiku lomwelo, ndipo kodi mkango akauonadi, poti mwana wamng'onoyo sakukamba china.

Mayi, tiyambe ndi funso lachiwirilo, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amatayira ndalama. Nyama zimayendayenda kukangocha mpaka cha m'ma 9 koloko, kenako zimabisala m'mithunzi mpaka cha m'ma 3 koloko masana. Kuchokera ku Luchenza, kaya mukupita ku Majete kaya ku Liwonde, muwerengere maola atatu kapena kupitirira. Mukanyamuka 7 koloko mutamwa tiyi, mukafika pageti dzuwa litakwera kale, mukazungulira m'fumbi maola otentha okhaokha, ana akuwodzera kumbuyo, n'kubwerako mutaona nswala, njiri ndi anyani basi. Ndiye gonani usiku umodzi. Mufike masana, muyende madzulo, mugone, mawa lake mulawirire geti likangotsegulidwa cha m'ma 6 koloko. Thumba likakana kugona, nyamukani 3 koloko usiku, ndipo musankhe Majete, poti ndiko kufupi.

Majete ili ku Chikwawa, makilomita pafupifupi 70 kuchokera ku Blantyre, ndipo ndi yaikulu masikweya kilomita pafupifupi 700. Akuluakulu amene anaidziwa kale angakuuzeni kuti kulibe kanthu, ndipo m'masiku awo ankanena zoona: alenje opanda chilolezo anali atatha njovu zonse. Zinasintha kuyambira mu 2003, pamene bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa malowa mogwirizana ndi boma. Anamanga mpanda wamagetsi, anabweretsa zipembere, njovu mu 2006, mikango mu 2012, akadyamsonga mu 2018. Lero kuli nyama zisanu zomwe alendo amazilondola kwambiri, njovu, mkango, kambuku, njati ndi chipembere. Kulinso mathithi a Kapichira, amene anatsekereza sitima ya David Livingstone pamtsinje wa Shire mu 1859.

Liwonde ndi yocheperako, masikweya kilomita pafupifupi 550, ndipo African Parks inayamba kuiyendetsa mu 2015. Mikango inabwezeretsedwako mu 2018, ndipo mu 2019 kunabwera zipembere 17 kuchokera ku South Africa. Njovu ndiye zinachuluka mpaka zina anazisamutsira ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, zinanso ku Kasungu mu 2022. Koma chimene Liwonde imaposera ndi mtsinje. Shire wa kumeneko ndi wotakata, woyenda pang'onopang'ono, ndipo mumakwera boti. Mvuu zimatulutsa mphuno ndi makutu pafupi nanu, ng'ona zili yasa pamchenga kukamwa kuli pululu, njovu zikumwa m'bango, nkhwazi ikulira pamwamba pa mgwalangwa. Kwa ana amene akupita koyamba, ife tingasankhe Liwonde chifukwa cha boti limeneli. M'galimoto mwana amatopa ndi kuyang'ana tchire, pomwe pamadzi sipadutsa mphindi zisanu osaona kanthu.

Za mkango musamulonjeze mwanayo. Mikango ilipo m'malo onse awiri, koma imagona gawo lalikulu la tsiku, ndipo ikagona m'udzu wouma mutha kuidutsa mamita 20 osaiona. Mwayi umakula mukalipira ulendo wa galimoto la pamalopo, la gaidi. Magaidi amadziwa kumene yaonedwa dzulo, amawerenga mapazi pamchenga, amauzananso pa wailesi. Ngati ndalama ikulola ulendo umodzi wokha woterewu, tengani wa m'mamawa.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Juni mpaka Okutobala. Udzu umakhala utauma, masamba a tsanya atayoyoka, ndipo madzi akatha m'zithaphwi nyama zimasonkhana kumtsinje ndi kumadamu. Tchuthi cha Ogasiti chikukwanira bwino. Okutobala ndi Novembala nyama zimaoneka kwambiri, koma inu ozolowera mphepo ya m'minda ya tiyi mukazunzika: ku Chikwawa kumatentha mpaka kupitirira madigiri 40. M'dzinja musayese n'komwe ndi Sienta. Misewu yambiri ya mu Liwonde ndi ya makande, ikanyowa ngakhale magalimoto akuluakulu amatitimira, ndipo ina amaitseka.

M'chilimwe Sienta imayenda m'misewu ikuluikulu ya pafupi ndi geti, bola modekha komanso osaidzaza katundu, chifukwa ndi yotsika pansi. Chimene chimaiwononga ndi miyala ya pakati pa msewu ndi mchenga wa m'makhwawa ouma. Mukafika pageti funsani kuti ndi misewu iti imene galimoto yaing'ono ingadutse sabata imeneyo, ndipo mumvere. Tayala lapadera likhale lopopa, jeke ndi sipanala zikhalemo, ndipo mutenge nambala ya foni ya pageti. Galimoto ikafa m'kati, khalani momwemo muimbe foni, musayende pansi kukafuna thandizo.

Njira ya ku Majete ndi ya ku Thyolo, Limbe, Blantyre, kenako M1 yotsetsereka ku Chikwawa. Muwauze bambo a kunyumba, kapena inuyo ngati ndinu mukuyendetsa, kuti pamtsetse umenewu asadalire mabuleki okha. Akangopondereza mtunda wonse mabuleki amatentha, amayamba kununkha, kenako amaleka kugwira. Ayike giya yotsika kuti injini izigwira galimoto. Mukadutsa pa Thabwa n'kuwoloka mlatho wa Shire, mwafika pa Chikwawa, ndipo kwatsala makilomita pafupifupi 20. Ya ku Liwonde ndi ya ku Limbe, M3 kudzera ku Zomba, ndipo geti lili makilomita ochepa kuchokera m'tauni ya Liwonde. Mafuta dzazani thanki ku Limbe kapena ku Zomba. M'kati mulibe pothira, ndipo kuyenda pang'onopang'ono tsiku lonse, eyakoni ili yoyatsa, kumadya mafuta kuposa momwe mungaganizire.

Pa ndalama, Amalawi timalipira mtengo wotsika kwambiri kusiyana ndi alendo akunja, koma amafuna umboni, choncho chiphaso cha unzika chisatsale. Muwerengere zinthu zinayi padera: kulowa kwa munthu aliyense patsiku, galimoto, malo ogona, ndi boti kapena galimoto la gaidi. Imbani foni kutatsala sabata ziwiri kuti mupite, musungitse malo, mufunse mitengo ya nthawi imeneyo ndi zaka zimene amalola ana paboti. Ku Majete kuli Thawale komanso malo omanga matenti otsika mtengo, ku Liwonde kuli Mvuu, Chimwala, ndi malo ena ogona kunja kwa geti. Nyamulaniko ndalama yapamanja, chifukwa netiweki imathawa.

Madzi akumwa akhale malita atatu pa munthu patsiku. Zovala zikhale zofiirira kapena zobiriwira mozimiririka, zamanja aatali. Zakuda ndi zabuluu zimakopa akashembe, ntchentche zoluma zija. Juzi musaisiye, m'mamawa wa Juni ndi Julayi pagalimoto lapululu pamazizira. Neti ndi mankhwala odzola othamangitsa udzudzu n'zofunika, poti m'mbali mwa Shire malungo ndi ambiri. Mwana akatentha thupi pakatha sabata imodzi kapena ziwiri mutabwerako, mukamuyezetse tsiku lomwelo.

Tikudziwa kuti wa ku Thyolo sayenda ulendo wopanda phava la nthochi, mapeyala ndi chinanazi cha ku Mulanje. Zipatso zimenezi muziike m'chozizira chotseka bwino, m'buti, osati m'tenti. Njovu imamva fungo kutali, ndipo anyani a pamalo ogona anazolowera kutsegula zikwama. Ana asawaponyere chakudya. Nyani wozolowera kupatsidwa amayamba kulanda, ndipo amayambira kwa ana.

Njovu ndi imene muyenera kuiphunzira musanapite, chifukwa ndiyo mudzakumane nayo pamsewu. Mukaiona imani patali, mamita 50 kapena kuposa, ndipo muyang'ane kaye kumbuyo ngati pali pobwerera. Ikamadya, ikukupiza makutu pang'onopang'ono, ndiye kuti ikungodziziziritsa. Ikasiya kudya, n'kukuyang'anani mutu uli m'mwamba, makutu atatambasuka osagwedera, kapena ikamapukusa mutu ndi kuponda fumbi, ikukuuzani kuti mwayandikira kwambiri. Bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono. Musaimbe hutala, musaponde mafuta mwaphokoso, ndipo musadutse pakati pa gulu, chifukwa kamwana kamatha kukhala katatsalira tsidya lina la msewu, make ali uku. Yamphongo imene ikutuluka madzi akuda m'mbali mwa mutu, pakati pa diso ndi khutu, miyendo yakumbuyo ili yonyowa ndi mkodzo, ili pa nyengo yolusa. Imeneyo ipatseni njira yonse ngakhale mudikire theka la ola.

Kutsika m'galimoto ndi pamalo okhawo amene anaikapo chikwangwani, ndipo ana apite kuchimbudzi musanachoke pageti. M'mbali mwa mtsinje asayandikire madzi, ngakhale akuoneka odikha, ndipo paboti manja akhale m'kati. Usiku mvuu zimatuluka kukadya msipu mpaka pakati pa matenti, ndiye wofuna kutuluka aunike kaye ndi tochi, kapena aitane mlonda amuperekeze.