Akazi anga akudwala, alamu akuti ndigulitse tisitima tanga

Okondedwa Azakhali,

Ndine bambo wa zaka 61, ndinabadwira ku Limbe koma ndakhala mu mzinda wa Leicester kuno ku England kuyambira mu 2003. Akazi anga, omwe anali namwino, anadwala sitiroko chaka chatha ndipo mbali ya kumanja ya thupi lawo inafooka kwambiri. Panopa akutha kuyenda pang'onopang'ono ndi ndodo m'nyumba, koma kusamba, kuvala ndi kuphika zonse zimadalira ine, ndipo ngakhale amamva chilichonse chimene munthu akunena, mawu amawavuta kutulutsa. Ana athu awiri ali kutali, wina ku Glasgow wina ku Johannesburg, choncho ndinachepetsa masiku a ntchito kuti ndiziwadwazika ndekha.

Malemu bambo anga ankagwira ntchito ku njanji, ndipo ine ndinakula ndikumva kulira kwa sitima usana ndi usiku. Nditafika kuno ndinapeza kuti kuli anthu akuluakulu amene amamanga njanji zing'onozing'ono m'nyumba zawo, zokhala ndi masiteshoni, milatho ndi mapiri, n'kumayendetsapo tisitima ta magetsi. Nanenso ndinayamba, moti m'kachipinda ka m'denga la nyumba yathu ndakhala ndikumanga chifaniziro cha siteshoni ya Limbe ndi njanji yolowera ku Luchenza kwa zaka zoposa khumi. Lachinayi lililonse madzulo ndinkapita ku kalabu ya anzanga okonda zomwezi.

Chiyambireni matendawa ku kalabu ndinasiya, koma akazi anga akangogona ndimakwera m'denga muja, ndipo nthawi zina ndimatsika cha m'ma 2 koloko usiku. Mwezi watha iwo anandiitana koma sindinamve, ndipo atayesa kupita okha kuchimbudzi anagwa pafupi ndi bedi. Mwamwayi sanavulale, koma nkhaniyi inafika kwa alamu anga ku Lilongwe, omwe analemba pa gulu la banja la WhatsApp kuti n'zamanyazi munthu wa imvi kumaseweretsa zidole pamene mlongo wawo ali chigonere, ndipo akuti ndigulitse zonse kuti ndalamayo ndilembere munthu wothandiza. Chimene chinandilasa mtima koposa n'chakuti tsiku lina akazi anga analoza kudenga n'kunena movutikira kuti, "Pitani kwa akazi anuwo." Ndiululenso kuti ndinagula mutu wa sitima wa mapaundi 180 osawauza. Akazi anga ndimawakonda ndipo sindinaganizepo zowasiya, koma m'denga muja ndi mokhamo mmene mtima wanga umakhala m'malo. Kodi ndigulitse?

Wosowa pogwira,
Leicester

Zikomo bambo,

Musagulitse, makamaka panopa pamene mtima wanu wadzaza ndi manyazi ndiponso kudziimba mlandu. Komabe musafulumire kukondwera ndi yankho limeneli, chifukwa alamu anu, ngakhale analankhula mopanda ulemu ndiponso pa malo osayenera, pali pamodzi pamene sanaphonye. Usiku umene mayi anagwa, inu munali pamalo pamene simukanatha kumva kuitana kwawo, ndipo chimenechi sichiyenera kuchitikanso. Munthu amene anadwalapo sitiroko sachedwa kugwa chifukwa mwendo umodzi sumvera, ndipo akathyoka fupa la m'chiuno, zonse zimene anapindula pa miyezi yambiri ya mafizo zikhoza kubwerera m'mbuyo. Choncho musanaganize za china chilichonse, ikani kachipangizo kotumiza mawu pakati pa chipinda chogona ndi m'denga, ngati timene makolo amaika pafupi ndi khanda, ndipo mupemphe ku khonsolo ya mzinda wanu belu lovala m'khosi kapena pamkono pamodzi ndi mpando wa chimbudzi woika pambali pa bedi.

Kwa owerenga a kumudzi amene akudabwa ngati mmene anadabwira alamuwo, ndifotokozeko pang'ono. Ku Britain ntchito yomanga njanji zing'onozing'ono ndi yakale ndipo ambiri oichita ndi abambo achikulire. Kalabu yotchedwa The Model Railway Club ya ku London inakhazikitsidwa mu 1910, ndipo kampani imene Frank Hornby anayambitsa ku Liverpool inatulutsa tisitima tating'ono totchedwa Hornby Dublo mu 1938. Pa muyeso wotchuka kwambiri kumeneko, wotchedwa OO, chinthu chilichonse chimachepetsedwa ka 76 ndipo mpata wa pakati pa njanji ziwiri ndi mamilimita 16.5. Munthu wofuna kumanga siteshoni imodzi amayenera kudziwa za ukalipentala, mawaya a magetsi, kupenta komanso mbiri ya malowo, moti bambo amene akumanga Limbe ayenera kufufuza mmene njanji ya Shire Highlands, imene inafika ku Blantyre mu 1908, inkaonekera m'masiku a makolo ake. Ine sindiona kusiyana kwenikweni pakati pa munthu wotereyu ndi amene amasema ziboliboli kapena kuweta nkhunda, ndipo kumunyoza kuti akuseweretsa zidole n'kusadziwa chabe.

Tiyeni tione nkhani ya ndalama, poti ndi imene alamu anu atsamirapo. Mitu ya sitima ndi mabogi, ngati zasungidwa bwino m'makatoni ake, zimapeza ogula, ngakhale kuti ogulitsa zinthu zakale amapereka mtengo wotsika poyerekeza ndi umene inu munagulira. Koma mapiri, nyumba ndi njanji zomatidwa kale pa matabwa, zimene zinakudyerani zaka khumi, sizigulika kawirikawiri chifukwa zinamangidwa molingana ndi denga lanu ndipo pozitsitsa muyenera kuzidula. Kumbali ina, munthu wothandiza odwala pakhomo wochokera ku kampani ku England amalipiritsa mapaundi oposa 20 pa ola limodzi. Mukawerengera modekha mupeza kuti ndalama ya tisitima tanu ikhoza kulipira thandizo la masabata kapena miyezi yowerengeka, kenako idzatha, matenda adzakhala akadalipo, ndipo inu mudzatsala wopanda pothawira komanso mwina ndi kachidani mumtima kolozera mayi, amene sanakupempheni n'komwe kuti mugulitse.

Thandizo limene mukufunika lili kwina, ndipo ndikudabwa kuti m'kalata yanu simunalitchule. Lamulo la Care Act la mu 2014 limapatsa munthu aliyense wamkulu amene akudwazika mnzake ku England ufulu woti khonsolo imuunike iye mwini, mwaulere, posatengera kuti amapeza ndalama zingati. Kuunikaku amakutcha carer's assessment, ndipo lamulolo limanena kuti ofufuzawo ayenera kuganiziranso ngati wodwazikayo akufuna kupitiriza ntchito, maphunziro kapena zinthu zomusangalatsa. Izi zikutanthauza kuti kalabu yanu ya Lachinayi ndi chinthu chimene muyenera kuchitchula pamaso pawo popanda manyazi, chifukwa n'chimodzi mwa zimene akuyenera kukufunsani. Mayi nawonso ali ndi ufulu wounikidwa pa zosowa zawo, ndipo kuchokera pamenepo mukhoza kupeza zogwirira za m'bafa, mpando wosambira, ngakhalenso munthu wokhala nawo kwa maola angapo kuti inu mupume, ngakhale kuti zina mwa zimenezi mungafunike kusonkhapo ndalama malinga ndi chuma chanu. Palinso ndalama ya boma yotchedwa Carer's Allowance ya anthu odwazika kwa maola osachepera 35 pa sabata, koma ili ndi malire pa malipiro amene munthu amalandira ku ntchito ndipo imadaliranso thandizo limene wodwalayo akulandira ku boma, choncho funsani a bungwe lothandiza odwazika la Carers UK kapena a bungwe loona za sitiroko la Stroke Association kuti akuwerengereni bwinobwino musanalembe mafomu.

Tsopano ndifike pa mawu a mayi aja, chifukwa kwa ine ndi amene ali pakati penipeni pa kalata yanu. Ganizirani zimene iwo ataya m'chaka chimodzi. Anali namwino amene ankatembenuza ndi kusambitsa odwala, lero akusambitsidwa. Anali ndi pakamwa powayankha alongo awo, lero nkhani ya banja lawo ikukambidwa pa WhatsApp iwo osatha kuikapo mlomo. Ndiye usiku, nthawi yokhayo imene simuli wowasambitsa kapena wowamwetsa mankhwala ndipo mukanakhala mwamuna wawo chabe, amamva mapazi anu akukwera makwerero amene iwo sangathenso kukwera. Sindikukhulupirira kuti amadana ndi tisitima, popeza akhala nato m'nyumba zaka zonsezi osadandaula. Chimene chikuwapweteka n'chakuti malo amene mumasangalalako ndi malo amene iwo kulibe, ndipo mumapitako mozemba ngati kuti kukhala nawo ndi ntchito imene mumadikira kuti muweruke. Dziwaninso kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse amene anadwala sitiroko amagwidwa ndi matenda ovutika maganizo, ndipo kwa amene akuvutika kulankhula matendawa sazindikirika msanga. Mukaona kuti akulira pafupipafupi, akukana chakudya kapena sakufunanso kuchita mafizo, kauzeni dokotala wawo, chifukwa zimenezi zili ndi chithandizo.

Khalani nawo pansi masana, wailesi ndi TV zili zozimitsa, mupepese chifukwa cha usiku uja ndipo muwauze za mapaundi 180 aja musanayambe nkhani ina iliyonse. Ndalamayo si yaikulu moti n'kugwetsa banja, koma kubisa n'kumene kumawononga, makamaka kwa munthu amene akuona kale kuti zinthu za m'nyumba mwake zikuyenda iye osafunsidwa. Kenako muwauze chilungamo chimene mwandiuza ine, kuti mumatopa, kuti mumachita mantha ndi za mawa, ndiponso kuti m'denga muja mumapita kukapuma osati kuwathawa. Funsani mafunso afupiafupi oyankhika ndi inde kapena ayi, ikani pepala ndi cholembera pafupi, ndipo musawamalizire ziganizo ngakhale chete atatalika. Ngati zikuvuta, katswiri wophunzitsa kulankhula amene amawaona akhoza kukusonyezani njira zoyenerana ndi vuto lawo, chifukwa vuto la mawu limasiyana munthu ndi munthu.

Pa za tisitima tomwe, ndikupemphani kuti gawo lina mulitsitse pansi. Ntchito zambiri monga kupenta tianthu, kumata tinyumba ndi kupukuta mateyala a mabogi zikhoza kuchitikira pa thireyi m'chipinda chochezera, bola mutsegule zenera mukamagwiritsa ntchito guluu kapena penti wonunkha, ndipo musasiye mawaya ndi tizidutswa pansi pamene mayi amadutsa ndi ndodo. Anzanu a ku kalabu akudziwa za kanjanji kotchedwa Inglenook, kamene pa muyeso wa OO kamakwana pa thabwa lotalika mita imodzi ndi pang'ono. Kamakhala ndi tinthambi titatu ndi mabogi asanu ndi atatu, ndipo masewera ake ndi kusanja mabogi asanu motsatira ndondomeko imene mwasankha mwamaere, zimene zingachitike m'njira 6,720 zosiyanasiyana. Chowongolera chake munthu angachigwire ndi dzanja limodzi, moti mayi atafuna akhoza kuyendetsa ndi lamanzere, kapena kungosankha makadi a maerewo inu n'kumavutika ndi kusanjako. Koma ndikuchenjezeni kuti musakasandutse mankhwala owakakamiza. Ngati akana, alemekezeni, ndipo muwafunse chimene iwo akuchisowa, kaya ndi kwaya, amayi anzawo a kumpingo kapena kungotuluka kukaona anthu mu tauni, ndipo chimenecho chipatsidwe tsiku lake pa kalendala monga mmene kalabu yanu idzapatsidwire.

Ku kalabuko bwererani, poyera ndiponso mogwirizana ndi mayi, pamene pakhomo pali munthu wina. Ndikuona kuti munasiya chinthu chimene chinkakuthandizani, chomwe ndi kucheza ndi anzanu kwa maola awiri kapena atatu pa sabata, n'kusunga chimene chikukuvulazani, chomwe ndi kukhala nokha m'denga mpaka usiku pakati. Munthu wa zaka 61 amene akugona maola anayi, m'mawa n'kudzuka kukanyamula mnzake m'bafa, akuika pangozi msana wake ndi mtima wake womwe. Kauzeni a kuchipatala chanu cha m'dera kuti ndinu wodwazika matenda kuti akulembeni m'kaundula wawo, ndipo mukayezetse kuthamanga kwa magazi, chifukwa inu mukagona palibe wachiwiri m'nyumbamo. M'denga mukhoza kumakwera Loweruka masana kwa nthawi imene mwagwirizana, chitseko chili chotsegula ndipo kachipangizo kaja kali koyatsa.

Alamu anu musawayankhe pa gulu. Ayimbireni paokha, kapena mudzere kwa ankhoswe ngati mukuona kuti mawu akhoza kukula, ndipo muyambe ndi kuvomera kuti za kugwa kuja zinali zoopsa ndipo mwakonzapo zakutizakuti. Mawu awo owawa achokera pa mantha a munthu amene mlongo wake akudwala kutsidya kwa nyanja iye osatha kumuona, ndipo mantha otere amachepa munthu akapatsidwa chochita. Apempheni kuti Lachinayi lililonse madzulo aziimba foni ya kanema n'kucheza ndi mlongo wawo moleza mtima, kumuonetsa abale ndi kumuimbira nyimbo za kwawo, popeza anthu ambiri amene mawu amawavuta pambuyo pa sitiroko amatha kutsatira nyimbo imene anaizolowera kale. Foniyo siilowa m'malo mwa munthu wokhala nawo m'nyumba, choncho pa tsikulo pakhalebe wina pafupi. Mwana wa ku Glasgow mumuuze mosabisa kuti mukufuna azibwera kumapeto kwa sabata kamodzi pa mwezi, ndipo wa ku Johannesburg asonkheko ndalama ya wothandiza wa Lachinayi ngati khonsolo ichedwa kuyankha, chifukwa m'madera ambiri mndandanda wa odikira kuunikidwa umakhala wautali ndipo ndi bwino kuimba foni sabata ino yomwe.

Azakhali