Wakhoza mayeso, bwanji akumubweza?

Funso: Mwana wanga akuphunzira uinjiniya wa zamagetsi payunivesite ina ku South Africa. Mayeso olemba wakhoza, koma amuuza kuti abwereze pulojekiti. Kodi si kumupondereza kumeneku? Mayi wa ku Ntcheu

Yankho: Mayi, mtima m'malo. Kumeneko bungwe la ECSA, lomwe limayang'anira ntchito ndi maphunziro a uinjiniya, limafuna wophunzira aonetse zomwe angathe kuchita, osati kuloweza kokha. Akapatsidwa mota, asankhe waya woyenera, ayeze ndi multimeter (kachipangizo koyezera magetsi), afotokoze chomwe circuit breaker (switchi yozimitsa yokha magetsi pakakhala vuto) ikudulira moto. Akalephera luso limodzi lofunikalo, malikisi ena samupulumutsa. Ine ndikugwirizana nazo, chifukwa waya woonda akalemedwa amatentha nyumba. Komanso South Africa idalowa mu Washington Accord, mgwirizano wa mayiko wovomerezana madigiri a uinjiniya, mu 1999, choncho digiri yovomerezedwa ndi ECSA amailemekeza ku Britain ndi Australia. Mulimbikitseni abwereze, afunsenso aphunzitsi pomwe padavuta.