Kodi "thou" anali mawu aulemu?

Mayi wina amene amatsogolera mapemphero a Chingerezi ku mpingo kwawo wandilembera imelo yofunsa kuti: "Baibulo la King James ladzaza ndi thou ndi thee, ndipo akuluampingo ena amapemphera chomwecho. Kodi amenewa ndi mawu olemekezera Mulungu? Nanga Angerezi anawasiyiranji?"

Zikomo amayi. Ambiri amaganiza ngati inu, koma mbiri ikunena zina. Thou anali "iwe". Mawu aulemu anali you, omwewa amene lero amauza aliyense ndi mwana yemwe.

Poyamba nkhani yaulemu panalibe. M'Chingerezi chakale kwambiri, thou ankanena munthu mmodzi, kaya mfumu kaya kapolo, pomwe ye ankanena anthu ambiri. Thee ndi you ankabwera ngati munthuyo ndiye akuchitiridwa chinthu. Zinayamba kusintha anthu a ku Normandy, chigawo cha ku France, atalanda England mu 1066. Akuluakulu a dziko ankayankhula Chifalansa, chimene chimasiyanitsa tu ndi vous monga ife timasiyanitsira iwe ndi inu. Pofika zaka za m'ma 1200, Angerezi anali atayamba kunena ye ndi you kwa munthu mmodzi wolemekezeka. Thou anatsalira ana, antchito, bwenzi lapamtima, ndi munthu amene ukufuna kumunyoza.

Kunyozako kunali kwenikweni. Mu 1603, Sir Walter Raleigh akuzengedwa mlandu woukira mfumu ku Winchester, loya wa boma Edward Coke anamukalipira kuti "I thou thee, thou traitor", kutanthauza kuti ndikukutcha iwe mwadala, woukira iwe. Ganizani mnyamata wauza apongozi ake pabwalo la milandu kuti "iwe khala chete". Kulemera kwake kunali komweko.

Nanga Baibulo linatengeranji mawu oterewa? Apa ndi pamene ndimafuna mumvetsetse. William Tyndale, amene anamasulira Chipangano Chatsopano m'Chingerezi ndipo chinasindikizidwa ku Worms ku Germany mu 1526, ankatsata Chigiriki. Chigiriki chimaonetsa ngati akuuzidwayo ndi mmodzi kapena ndi ambiri, basi. Choncho iye anaika thou kwa mmodzi ndi ye kwa ambiri, osayang'ana udindo wa munthu. Omasulira a King James mu 1611 anasunga dongosolo lomwelo. N'chifukwa chake m'Baibulo limenelo Mulungu ndi thou, Petro ndi thou, ngakhale Satana amene: pa Mateyu 4:10 Yesu akuti "Get thee hence, Satan". Akanakhala mawu opatulikira Mulungu, sakanafika kwa mdierekezi. Omasulira athu a Chichewa anasankha njira ina, yogwirizana ndi mwambo wathu, ndipo timati "dzina lanu liyeretsedwe".

Pa za kutha kwake, akatswiri amatchula zifukwa zingapo, koma chimene chimandigwira mtima ndi ichi. M'mizinda yomwe inkakula ngati London, munthu sankadziwa udindo wa aliyense amene wakumana naye. Kunena you kwa wosayenera ulemu kunalibe vuto, koma kunena thou kwa bwana kunali kuputa mkangano. Aliyense anathawira kwa you. Gulu la Akhristu lotchedwa Quakers, lotsogoleredwa ndi George Fox, linakana zimenezi. Iwo ankati anthu onse ndi ofanana pamaso pa Mulungu, motero ankanena thou kwa woweruza ndi kwa bambo wowabereka yemwe. Fox ndi anzake anatulutsanso buku mu 1660 loteteza khalidweli, ndipo ambiri mwa iwo anamenyedwa chifukwa cha kamawu kameneka. Pofika zaka za m'ma 1700, thou anali atachoka pakamwa pa anthu ophunzira a ku London.

Atachoka mumsewu, anatsala m'tchalitchi, m'nyimbo ndi m'ndakatulo. Mwana wokula akumva thou pa guwa pokha anaganiza kuti ndi mawu oyera, ndipo tanthauzo linatembenukira pamenepo. Baibulo la Revised Standard Version la 1952 linalimbikitsa maganizowa, poti linasunga thou poyankhula ndi Mulungu yekha. Lokonzedwanso la 1989 linawachotseratu. Komabe kumpoto kwa England, ku Yorkshire ndi Lancashire, akuluakulu ena amanenabe tha kwa mnzawo wozolowerana naye, mwa chikale chija.

Ine sindiletsa munthu kupemphera ndi thou. Chimene chimandipweteka n'chakuti ambiri amangowamva ngati zokometsera, n'kuphonya ntchito imene mawuwa akugwira. Tsegulani Luka 22:31-32 mu King James. Yesu akuuza Simoni kuti Satana "hath desired to have you", ndiye kuti ophunzira onse. Kenako akuti "but I have prayed for thee". Wachoka pa gulu, wayang'ana Simoni yekha, munthu amene amukane usiku womwewo. Mabaibulo ambiri a Chingerezi cha lero amangoti you ponse pawiri. Pa Yohane 3:7 napo, thee ndi Nikodemo, koma "Ye must be born again" ndi anthu onse.

Mukamaphunzitsa gulu lanu, auzeni kuti mu King James mawu oyamba ndi th, monga thou, thee, thy ndi thine, akunena munthu mmodzi, pomwe ye, you ndi your akunena ambiri. Ndipo amene akufuna kupemphera nawo akumbukire kuti mneni amasintha: amati thou art, thou hast, thou knowest, osati thou is kapena thou has.