Kodi makina a sikani amadziwa bwanji msinkhu wa pathupi?

FUNSO: Ndili ndi pathupi pachitatu ndipo ndinakajambulitsa koyamba pamene ndinkawerenga kuti ndili mwezi wachisanu ndi chiwiri. Tsiku lochira limene makina anapereka lasiyana ndi langa ndi masabata awiri. Kwathu madzi akasefukira msewu umaduka, choncho ndikufuna kudziwa nthawi yopita kuchidikiro. Kodi ndikhulupirire makinawo kapena kuwerenga kwanga?
Mayi wa ku Makhanga, Nsanje

YANKHO: Mayi, zikomo chifukwa cha funso lanuli, ndipo nkhawa yanu ndi yomveka kwa aliyense amene anaona zimene Namondwe Freddy anachita m'chigwa cha Shire mu 2023.

Makinawo saona msinkhu wa mwana, kutanthauza masabata amene wakhala m'mimba. Kachipangizo kamene amakayendetsa pamimba kamatumiza mawu amene khutu la munthu silingamve, ndipo mawuwo akagunda fupa kapena mnofu amabwerera, monga mmene mleme umapezera njira mumdima. Popeza mawu amayenda pafupifupi mamita 1,540 pa sekondi m'thupi, makina amawerenga nthawi imene atenga kuti abwerere n'kupanga chithunzi. Pachithunzipo wojambula amayeza mutu, mimba ndi fupa la ntchafu la mwana.

Apa m'pamene pagona nkhani. Miyezoyo imayerekezedwa ndi ya ana ambirimbiri amene msinkhu wawo unkadziwika kale, ndipo makina ambiri amagwiritsabe ntchito masamu amene dokotala wina, Frank Hadlock, ndi anzake anakonza ku Houston, ku America, m'zaka za m'ma 1980. Choncho makina akamati mwana ali ndi masabata 28, akutanthauza kuti ana ambiri a kukula kotere anali ndi masabata 28. M'miyezi itatu yoyambirira ana amakula mofanana, moti makina saphonya kupitirira sabata imodzi. Koma m'miyezi yomaliza akhoza kuphonya ndi masabata atatu, chifukwa ana amakhala atasiyana kale matupi. Kuno kumene malungo ndi kuchepa kwa magazi zimachedwetsa kukula kwa mwana m'mimba, mwana wochepa thupi angaoneke ngati wa masiku ochepa pamene masiku ake ali pafupi kukwana. Ndi chifukwa chake bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi ajambulidwe asanakwane masabata 24.

Masiku ano akatswiri akuphunzitsa kompyuta poionetsa zithunzi za amayi masauzande, kuti izindikire yokha msinkhu popanda munthu kuyeza. Kafukufuku wa ku Lusaka ndi ku North Carolina, ku America, amene anatuluka mu 2022, anapeza kuti kompyuta yotereyi inkaphonya ndi masiku pafupifupi 4, ngakhale kachipangizoko kankangoyendetsedwa pamimba motsata mizere. Ine chimandisangalatsa n'chakuti amayi a ku Zambia anali m'gulu limene kompyutayo inaphunzirapo, pakuti kompyuta imadziwa zokhazo zimene inaonetsedwa.

Kwa inu, Mayi, kusiyana kwa masabata awiri pa sikani yochedwa chonchi sikodabwitsa. Tengani buku lanu la kuchipatala, muwauze anamwino a kusikelo tsiku limene munasamba komaliza ngati mukulikumbukira bwino, ndipo iwo ndiwo aunike tsiku loyenera kutsatira. Pokonzekera ulendo wa kuchidikiro, werengerani tsiku loyandikira pa awiriwo, makamaka ngati likugwera pakati pa Januwale ndi Malichi pamene Ruo ndi Shire amadzaza.