Musapereke ndalama zonse musanagwire kope loyamba m'manja

Achimwene amene mwafunsa kuti mwamaliza kulemba buku lanu loyamba la nkhani m'Chichewa ndipo mukusowa kolowera nalo, ine ndiyankha zokhazo zomwe ndinadutsamo. Zogulitsa buku pa intaneti ku Amazon, zomwe anzathu ena akukuuzani, ndazisiya. Owerenga anu ali kuno ku Zomba, ku Chinamwali, ku Matawale ndi ku Songani, ndipo amafuna buku loti aligwire, atsegule masamba awiri atatu, kenako apise m'thumba.

Makampani ambiri osindikiza mabuku maso awo ali pa mabuku a sukulu, aja amavomerezedwa ku MIE, bungwe lokonza maphunziro a m'sukulu, ku Domasi, chifukwa ndi kumene kuli msika. Kampani yathu ya Kachere ya kuno ku Zomba imadziwika kwambiri ndi mabuku a zachipembedzo ndi mbiri. Ndiye wolemba watsopano wa nkhani zopeka nthawi zambiri amathera podzilipirira yekha, ndipo apa ndi pamene pali dzenje.

Ine ndinagwa m'manja mwa bambo wina wa ku Blantyre wodzitcha pabulisha. Tinagwirizana makope 200 a buku la masamba pafupifupi 120, kope limodzi cha m'ma K3,000 nthawi imeneyo, pano mwina kuwirikiza kawiri kapena kuposa. Ndinapereka ndalama zonse tsiku limodzi, popanda pepala lililonse losainirana. Ndinadikira miyezi isanu ndi iwiri, foni osayankha. Makatoni atafika pa depoti ndinatsegula pomwepo ndi chimwemwe, koma mtima unangoti zii. Paliponse pamene panali chilembo cha ŵ panatuluka kabokosi, moti dzina loti Malaŵi silimawerengeka. Guluu wake anali wosagwira, ukangotsegula buku pakati masamba nkumathothoka. ISBN, nambala yozindikiritsa buku, kuchikuto kunalibe, ndipo sitolo ziwiri za mabuku zinandibweza pa chifukwa chimenecho. Makatoni awiri akadali kuchipinda kwanga mpaka lero, ndipo ndikawaona zimandiwawabe.

Choncho pemphani kope limodzi loyesera kaye. Muliwerenge tsamba ndi tsamba, mulipinde, mulikoke. Perekani theka la ndalama, theka linalo mabuku akafika, ndipo zonse zilembedwe: kuchuluka kwa makope, mtundu wa pepala, tsiku lomaliza. Ngati wina akuti musaine zoti umwini wa bukulo ukhale wake pomwe ndalama mwatulutsa ndinu, nyamukani muzipita.

ISBN musatume munthu. Imaperekedwa ku National Archives, konkuno ku Zomba, ndipo buku likatuluka lamulo limafuna kuti mukasiyeko kope. Pitani nokha mukafunse. Za umwini wa ntchito yanu funsani a COSOMA, bungwe loteteza ntchito za aluso, ndipo ku MAWU, bungwe la alembi, mungapezeko anthu oti anayendapo kale njirayi. Pa kusindikiza kwenikweni, funsaninso mtengo ku Montfort Media ku Balaka muyerekeze ndi a ku Blantyre.

China, pezani munthu wodziwa kalembedwe ka Chichewa akukonzereni zolembazo, asakhale m'bale wanu woti angokuyamikirani. Aphunzitsi a Chichewa a ku sekondale alipo ambiri, komanso Centre for Language Studies, nthambi ya yunivesite yoona za ziyankhulo, ili pompano pa Zomba. Ndipo fayilo yonse ya Word musamangoitumiza pa WhatsApp kwa aliyense wonena kuti akuthandizani. Tumizani mitu iwiri yokha, ya PDF.